Utsi wa Galimoto ya Apapa pa Msewu wa Mandimba

Foni inandipeza pamsika ku Lichinga, ndikuunjika mbatata pathebulo langa. Woyimba anali Chisomo, mwana wa mana Lusiya, mkulu wanga amene anakwatiwa ku Malawi, kuseri kwa Namwera.

"Mayi aang'ono, amayi awatulutsa m'chipatala. Adokotala ati tikawasamalire kunyumba."

Aliyense amadziwa chimene adokotala amatanthauza akatero. Ndinangokhala pansi, pathumba la mbatata.

"Akulankhula?"

"Pang'ono. Akungotchula agogo. Akuti abwere adzalavule madzi, iwo apite bwino."

Nkhani ya madziyi ndi yakale. Nthawi ya nkhondo banja lathu linathawira ku Malawi, ine ndili kamwana. Nkhondo itatha apapa anamanga katundu kuti tibwerere kwathu, koma mana Lusiya anakana. Anali atapeza mwamuna kumeneko, ndiponso anali ndi pakati. Apapa anaimirira pabwalo, anthu onse akumva, n'kunena kuti, "Kuyambira lero ndilibe mwana dzina lake Lusiya." Kwathu mawu otere sapita ndi mphepo. Amammanga munthu, ndipo womasula ndi mwini mawuwo basi. Amaika madzi m'kamwa, n'kuwalavulira pansi pamaso pa amene anamutemberera, n'kunena kuti zatha. Amama anachonderera mpaka analowa m'manda. Ansembe analankhula mpaka kutopa. Apapa anangouma gwa, ndipo ku Malawi ndinkapitako ndekha.

Ndinatseka malonda n'kukwera njinga yamoto kupita kwa apapa ku Namacula. Inali nyengo ya chisanu, chija cha ku Lichinga cholowa m'mafupa, ndipo ndinawapeza akuwotha mbaula pakhonde. Ndinalankhula nditakonzekera nkhondo. Iwo anayang'ana makala n'kunena kuti, "Tipita."

Ndinatsala pang'ono kugwada. "Chapa, minibasi ija ya ku Mandimba, imanyamuka m'mawa, papa. Dzuwa likamafika pamutu tikhala titawoloka."

"Ine kupanikizana ndi nkhuku mu chapa? Ndayendetsa galimoto za boma moyo wanga wonse. Tipita pa yanga."

Yawoyo ndi pikapu yoyera imene anaigula ofesi yawo ikugulitsa zakutha. Zaka zonsezi sinapitirirepo kumunda kwathu ku Chimbonila.

"Ili bwino koma?"

"Ili bwino kuposa iwe, Tereza."

Sindinalimbane nawo. Munthu amene wakana zaka zonsezi akavomera, sufunsanso kuti wavala nsapato zanji.

Tinanyamuka m'mawa, nkhungu ili tolotolo. Injini italira, kumbuyo kunatuluka utsi wabuluu wonunkha ngati mafuta opserera m'chiwaya, mpaka mayi woyandikana nafe anachotsa zovala zake pachingwe akutukwana. Apapa anati ndi chisanu chabe, injini ikatentha usiya. Tinatuluka m'tauni, tinadutsa mitengo ya paini, dzuwa linatuluka, injini inatentha, utsi osasiya. Pamalo otsetsereka unkachepa, koma tikangoyamba chitunda, apapa n'kuponda moto, kumbuyo konse kunkada ngati tawotcha tchire.

Pa Lione tinaima koyamba. Apapa anatsegula boneti, anasolola kandodo koyezera oyilo, anakapukuta, anakabwezera, anakasololanso, n'kukayang'ana kumbali kuti ine ndisaone. Anatenga botolo kuseri kwa mpando n'kuthira lonse. Pomwepo mayi wina wachikulire, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chiyao, anapempha kuti timutengeko mpaka ku Massangulo ndi thumba lake la nyemba. Apapa anavomera msangamsanga, zimene sachita, ndipo tinataya nthawi kukweza thumba ndi kuyala chitenje poti mayiyo akhale.

Sitinapite patali, tinamva denga likumenyedwa, phwa phwa phwa. Apapa anaima. Mayi uja anali atadziphimba nkhope ndi mpango, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo, galimoto yanuyi imasuta kuposa malemu amuna anga! Mukufuna ndikafike nditawambidwa ngati nsomba?"

Tinamulowetsa kutsogolo, tonse atatu kupanikizana, ine mwendo uli pagiya. Pachitunda chotsatira pikapu inayamba kukwawa, ndipo chapa ya ku Mandimba inatipitirira, ija yomwe ndikanakwera, kondakitala akutiseka pawindo atatsina mphuno. Ndinayang'ana apapa, iwo maso ali pamsewu.

Tikulowa Massangulo injini inayamba kunjenjemera ngati ya malungo, kenako inazima yokha pafupi ndi msika. Mayi wa nyemba anatsika akuthokoza Mulungu kuti wafika wamoyo, ndipo apapa atakana ndalama yake anatisiyira nthochi. Apapa anatulutsa sipanala n'kumasula mapulagi. Onse anali akuda, onyowa oyilo. Anapita nawo kwa mtsikana wootcha chimanga, anawaika pamakala kuti oyiloyo apse, anadikira azizire, n'kuyamba kuwapala ndi kawaya, imodziimodzi, mosafulumira ngati akusenda mtedza wa mbewu.

Ndinaimbira Chisomo. Anati amayi ake amwa phala pang'ono, ndipo afunsa kuti tafika pati.

"Uwauze kuti tili pa Massangulo, tikubwera."

"Agogo alipo?"

"Alipo."

Ndinamva akubwereza mawuwo kwa munthu wina m'nyumbamo, mokweza, monga timalankhulira ndi wodwala. Ndinapatsa apapa foni kuti anene kanthu. Anandionetsa manja awo akuda, n'kupitiriza kupala pulagi.

Oyilo wa m'botolo lawo anali atatha, choncho tinagula wa m'mbali mwa msewu, uja amagulitsa m'mabotolo a madzi, wosadziwika kumene wachokera. Tinanyamukanso dzuwa litapendeka kale. Ulendo umene chapa imautha m'mawa umodzi, ife tinali tisanafike n'komwe Mandimba. Kutsogoloko kanyali kofiira kanayaka, injini inagogoda, apapa anazimitsa n'kuikhotetsera kumbali. Panalibe nyumba, panalibe sitolo, udzu wouma wokhawokha ndi mphepo. Apapa anakakhala pamwala atapinda manja. Amene ankaimitsa magalimoto ndinali ine, mkazi, nditaima pakati pa msewu ndi chitenje m'manja ngati wamisala. Ambiri anadutsa. Potsiriza lole yonyamula chimanga inaima, ndipo dalaivala anavomera kutikoka ndi chingwe cha katundu. Chingwecho chinaduka kawiri, ndipo kachiwiriko chinatsala pang'ono kuswa galasi lathu.

Ku Mandimba anatisiya pagalaja ya pansi pa mtengo wa mango, ya makaniko amene onse ankangomutcha mesitiri Saide. Mwiniyo anali kumzikiti. Tinadikira. Ndinakhala pa tayala lakutha, ndikuyang'ana njinga zikupita kumalire, anthu akuseka, ena atanyamula shuga ndi mapepala a malata. Malawi anali pafupi moti foni yanga inayamba kugwira netiweki ya kumeneko.

Mesitiri atabwera, bambo wamfupi wa ndevu zaimvi, anapereka moni kwa apapa mwaulemu n'kufunsa vuto. Apapa anati mwina ndi petulo woipa. Iye sanatsutse. Anathira oyilo, anapukuta mapulagi, analiza injini, n'kupita kumbuyo. Anandiuza kuti ndiponde moto. Utsi unatuluka, iye anaika dzanja pakamwa pa paipi, analinunkhiza, n'kupekesa zala.

"Mayi, bwerani muone, popeza ndinu mukufulumira," anatero. "Utsi ukakhala wakuda, ndiye kuti petulo akuchuluka. Ukakhala woyera ngati nthunzi, madzi akulowa m'injini. Uwu ndi wabuluu, ndipo zala zanga zaterera. Galimotoyi ikuwotcha oyilo. Funso n'lakuti oyiloyo akulowera kumwamba kapena pansi. Umatuluka nthawi yanji kwambiri, m'mawa pongoliza, kapena pokwera chitunda?"

"M'mawa," anatero apapa.

"Njira yonse!" ndinatero ine. "Pachitunda ndiye osanena."

Mesitiri anatiyang'ana tonse awiri. Injini ikulira, anatsegula chitsekero cha pothirira oyilo. Pabowopo panayamba kutuluka mpweya wautsi, fu fu fu, ngati mphika wa nyemba ukuwira. Anaika chitsekerocho pamwamba osachimanga, ndipo chinayamba kuvina chokha.

"Mpweya uwu suyenera kupezeka kuno. Malo ake ndi pamwamba pa pisitoni. Pisitoni iliyonse ili ndi timikombero tachitsulo toizungulira, ife timati masegimento, anzathu a kutsidyaku amati maringi. Ntchito yake n'kutseka kuti mphamvu isathawire pansi, oyilo asakwere kumwamba. Tikatha, zonse zimasokonekera. Koma ndisanamize munthu, tiyeze."

Anazimitsa, anachotsa mapulagi onse, n'kubweretsa chida chokhala ngati wotchi chokhala ndi paipi. Anachilowetsa pabowo loyamba, apapa n'kupotokola kiyi. Muvi unakwera pang'ono n'kuima. Mabowo enawo chimodzimodzi, limodzi ndiye unangogwedezeka chabe. Kenako anatenga supuni, anathira oyilo pabowo lofookalo, n'kuyezanso. Muvi unalumpha.

"Mwaona? Oyiloyo watseka mpata kwa kanthawi, mphamvu yabwerera. Akanakhala mavavu akumwamba, muvi sukanasuntha. Ndi masegimento, atha onse."

"Angathe tsiku limodzi?" ndinafunsa.

Anaseka pang'ono. "Ayi, mayi. Amatha ngati mano a munthu, pang'onopang'ono, zaka." Anawerama, anasuzumira kuseri kwa injini, n'kukoka kapaipi kakuda kamene kanamangidwa ndi waya, kukamwa kwake kutaloza pansi. Kankadontha oyilo. "Ndipo amene anachita ichi ankadziwa. Kapaipi aka kamayenera kulowa mosefera mpweya umu. Oyilo akayamba kudzaza mosefera, munthu wodziwa injini amakachotsa n'kukalozetsa pansi kuti galimoto iziyendabe pafupipafupi. Waya uyu wachita dzimbiri, si wa chaka chino. Makaniko wanu ndani ku Lichinga, madala?"

Apapa alibe makaniko. Chigulireni galimotoyo, palibe munthu wina anaigwirapo ndi sipanala. Mesitiri anaona nkhope zathu, anapukuta manja, n'kunena kuti akukamwa tiyi.

"Papa, munkadziwa."

Anayamba kutola mapulagi aja.

"Munkadziwa kuti singafike! Munandiuza kuti ili bwino kuposa ine!"

"Tsitsa mawu, anthu akumva."

"Amve! Paja inu mumakonda kulankhula anthu akumva!"

Sindinalankhulepo nawo chotero chibadwire. Ndinkayembekezera mbama. Iwo anatsamira galimoto, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti akalamba zedi, jekete likungolendewera pamapewa.

"Sindinakunamize kuti ndipita," anatero motsitsa. "Ndinauza Mulungu usiku uja kuti, ngati mukufuna ndikafike, galimotoyi ifika. Ikakana, ndiye kuti mwakana ndinu."

"Mwaika mwana wanu pa injini yakufa, n'kumati ndi Mulungu? Mulungu anakutumizirani chapa m'mawa, inatipitirira pachitunda mukuona!"

"Tereza, ndikafika ndikanena chiyani? Zaka zonsezi. Akandifunsa kuti ndinali kuti amake akumulira, ndiyankha chiyani?"

"Sakufuna mayankho. Akufuna madzi basi."

Ndinalira pamenepo, kulira kwaukali, osati kwachisoni. Bambo anga, amene ndinkawayesa ouma mtima, anali amantha chabe, ndipo mantha awowo anali atadya tsiku lathunthu la mkulu wanga.

Mesitiri atabwerera anafotokoza kuti masegimento ayenera kuitanitsa ku Cuamba, injini itsitsidwe, ndipo ngati masilinda akulika ndiye nkhani ina. Masiku angapo, Mulungu akalola. Apapa anayamba kufunsa ngati oyilo wokhuthala sangatifikitse ku Namwera. Iye anapukusa mutu, nati kugogoda kumene anamva kuja, injiniyo ikhoza kuumira pakati pa malire. Apapa anafunsanso za mtengo, za masiku, za amene angakatenge zitsulozo. Ndinawasiya akufunsa, ndinathamangira kumsewu kukafuna njinga. Wanjinga anandiyang'ana n'kuloza dzuwa, limene linali litafiira kale. Anati geti la pamalire latsekedwa, tiyesere mawa.

Tinagona panyumba ya alendo pafupi ndi msika, osalankhulana. Madzulowo Chisomo anayankha foni, anati amayi ake akupuma movutika koma ali maso. Ndinamuuza kuti galimoto yafa, tifika m'mawa. Iye anati, "Ndiwauza kuti muli pafupi."

Kutacha ndinapeza apapa atavala kale, atakhala pakhonde, chipewa chili pabondo. Kiyi wa galimoto anali atakamusiya kwa mesitiri. Tinakwera njinga zamoto mpaka ku ofesi ya malire, kumene tinapeza mzere wa amalonda ndi madalaivala a malole. Wodinda anafika mochedwa, anayamba wapukuta tebulo, kenako anapeza kuti chidindo chauma inki. Apapa, amene dzulo lake ankapala mapulagi ngati alibe kopita, tsopano ankaponda uku ndi uku, mpaka anapempha mnyamata wa patsogolo pathu kuti atipatse malo. "Mwana wanga akudwala," anatero, ndipo ine ndinayang'ana kumbali.

Pakati pa mageti awiriwo pali mtunda ndithu, ndipo tinaudutsa panjinga zakapalasa, apapa atagwira chishalo ndi manja onse awiri. Pa Chiponde osintha ndalama anatizinga ngati ntchentche. Ndinaimbira Chisomo, foni inangoitana. Ndinaimbanso, anayankha mwamuna amene sindinamudziwe mawu.

"Mwafika pati, mayi?"

"Pa Chiponde. Odwala ali bwanji?"

"Fikani basi. Tikukudikirani."

Anadula. Ndinadziwa kuti munthu wa paulendo sauzidwa zonse, koma ndinaukaniza mtima wanga kuganiza. Apapa anandifunsa kuti ati chiyani, ndinati akutidikira.

Minibasi ya ku Namwera inali ndi anthu atatu okha, ndipo dalaivala ankangoliza injini kunamiza anthu kuti akunyamuka. Tinakhala m'menemo mpaka dzuwa linatentha malata. Apapa anatulutsa ndalama zonse za m'thumba mwawo n'kuuza kondakitala kuti alipira mipando yotsalayo. Pa Namwera tinatsika n'kukweranso njinga zakapalasa, chifukwa kumudzi kwa alamu galimoto zimalowako mwa apo ndi apo. Njirayo ndimaidziwa bwino: kudutsa chigayo, kutsika kukamtsinje, kukwera pa sukulu, kenako mitengo ya bulugamu.

Titangopitirira sukulu, wanjinga wa patsogolo, amene ananyamula apapa, anamanga mabuleki. Anatsika, anavula kapusi yake. Wanga anachitanso chimodzimodzi. Panjira panali patayalidwa nthambi zamasamba aawisi, kuchoka mbali ino kufika mbali inayo. Ku Malawi akatero ndiye kuti pamudzipo pali maliro, ndipo aliyense amatsika n'kuyenda pansi.

Apapa anakhala ku Malawi zaka zambiri nthawi ya nkhondo. Sanafunikire wowamasulira. Anaima n'kuyang'ana masambawo, anawerama n'kugwira tsamba limodzi, ngati akufuna kudziwa kuti lathyoledwa liti. Linali lisanafote n'komwe.

"Mwina ndi nyumba ina," anatero.

Koma nyimbo za amayi a mpingo zinkamveka kuchokera kumene ndinkakudziwa. Ndinafuna kuthamanga, ndinafuna kuwatukwana, ndinafuna kuwagwira dzanja, zonse nthawi imodzi. Tinayenda pansi, iwo patsogolo, chipewa chili m'manja.

Pabwalo amuna anali atakhala pansi pa mtengo, akazi m'nyumba ndi pakhonde. Ine amandidziwa, ndipo amayi awiri anadzuka kudzandigwira. Koma apapa palibe ankawadziwa. Alamu, amene akanawazindikira, anali m'nyumba, ndipo Chisomo anali asanawaonepo agogo akewo chibadwire. Anangoima pakati pa bwalo, nkhalamba yachilendo ya zala zakuda ndi oyilo, osadziwa kolowera. Mkulu wa mpingo amene ankalandira alendo anawayandikira, anawagwira dzanja mwaulemu.

"Pepani bambo, takulandirani. Mwachokera kuti, ndipo malemuwa ndi ndani wanu? Tifuna tidziwe pokukhazikani."

Ndinaima pakhonde, amayi aja atandigwira mikono. Apapa anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anthu a pansi pa mtengo anasiya kunong'onezana. Anayesanso, ndipo mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ankafunira, bwalo lonse linamva.

"Ndine bambo ake. Lusiya ndi mwana wanga woyamba."

Mkulu uja anagwira dzanja lawo ndi manja onse awiri.

"Ndinu a ku Lichinga? Ambuye akhale nanu, bambo. Atisiya m'mawa uno, tambala atalira kale. Dzulo lonse anakana kugona choyang'ana kukhoma. Anati tiwatembenuzire kukhomo, chitseko chikhale chotsegula. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu uko, ankadzutsa mutu n'kufunsa kuti, si apapa amenewo?"

Wina anabweretsa mpando. Apapa sanauone. Anakhala pansi pomwe anaimapo, pafumbi, miyendo atatambasula ngati mwana, ndipo amuna awiri anachita kuwanyamula kuti akaone nkhope.